Kusankha Makalata: Mmene Olemba Mapulogalamu Amachepetsera Phokoso la Imelo

Kwa aphunzitsi: Nkhani iyi yakonzedwera makalasi a pamwamba m'sukulu za pulaimale. Musanayambe, lembani pa bolodi mau anai awa: imelo, pulogalamu, nkhokwe, chidziwitso. Ana akhale ndi pensulo ndi pepala, pakuti muli masamu pang'ono. Mau a Chingerezi amene ali m'nkhaniyi ndi okhawo olembedwa pa mabatani a makina. Tawasiya chomwecho chifukwa mwana akadzakhala pa kompyuta adzawapeza olembedwa motero.

 Ambiri mwa inu munafikapo pa siteshoni ya mabasi m'tauni ya Lusaka, kaya pa Kulima Tower, pa City Market kapena pa Lumumba. Takumbukirani phokoso la pamenepo. Anyamata oitanira anthu, amene timawatcha angwangwazi, amafuula onse nthawi imodzi: uyu akuti Matero, uyo akuti Chawama, wina Mtendere, winanso George. Koma amai anu, atagwira dzanja lanu pakati pa chipwirikiti chonsecho, satsata dzina liri lonse limene litchulidwa. Makutu ao adikira dzina limodzi lokha, la komboni ya kwanu. Akadati atseke makutu kuti phokoso lisawavute, basi ikadawasiya. Akadati athamangire ali yense woitana, dzuwa likadawalowera ali pa siteshoni pomwepo. Lero tikambirana za anthu amene ntchito yao ifuna luso lomwelo la kusankha chomvera, koma iwo phokoso lao ndi la makalata.

Makalata amene tinena ndi a imelo, oyenda m'makina popanda envelopu kapena sitampa. Munthu wa ku America dzina lake Ray Tomlinson ndiye anatumiza imelo yoyamba kuchokera pa kompyuta imodzi kupita pa inzake mu 1971. Ndiyenso anasankha kachizindikiro kooneka ngati chilembo cha a chozingidwa ndi mchira wake, @, kamene kamalekanitsa dzina la munthu ndi dzina la malo ake pa keyala. Inu a ku Kalingalinga, mbiri imeneyi iri pafupi ndi inu kuposa mmene muganizira. Pa Yunivesite ya Zambia, imene ichita malire ndi komboni yanu, imelo inayamba kugwira ntchito kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Makalata ankaunjikidwa pa kompyuta, ndipo pa nthawi zoikika kompyutayo inkaimba lamya kwa inzake ya kunja kwa dziko, nipatsana nayo makalata. Mu 1994 Yunivesite inakhazikitsa kampani ya ZAMNET, ndipo Zambia inakhala limodzi la maiko oyamba mu Africa kulumikizidwa kwathunthu ku intaneti. Masiku amenewo imelo inali yosowa, ndipo woilandira ankakondwa. Lero zinthu zatembenuka. Kutumiza kalata kwapepuka kotero kuti makina amalemberanso anthu makalata paokha, usana ndi usiku, osatopa.

Pakati pa anthu amene alandira makalata otere ochuluka koposa pali olemba mapulogalamu. Kompyuta kapena lamya ya m'manja siganiza payokha. Chiri chonse chimene ichita, ichita potsata malangizo amene munthu analemba mzere ndi mzere. Atate anu akatumiza ndalama pa lamya kwa agogo anu ku Petauke, pali malangizo amene ayamba aona ngati ndalamazo ziripo, kenaka azichotsa kuno, aziika uko, nauza onse awiri kuti zatheka. Mndandanda wa malangizo otere timautcha pulogalamu, ndipo zolembedwazo pa Chingerezi amati code.

Pulogalamu yaikulu munthu mmodzi sangailembe yekha. Taganizani ana makumi atatu alembe nkhani imodzi m'buku limodzi, ali yense afufute ndi kuonjezera pamene afuna. Pofika madzulo, ndani angadziwe amene anafufuta mzere wachitatu, nanga anaufufutiranji? Mu 2005 Linus Torvalds, wa ku Finland, analemba pulogalamu yotchedwa Git yothetsa vuto lotere. Git imasunga mbiri ya kusintha kuli konse: anasintha ndani, anasintha chiani, tsiku liti. Ngati kusinthako kwaononga zinthu, ntchito ingabwezedwe mmene inaliri dzulo. Mu 2008 kunatsegulidwa malo a pa intaneti otchedwa GitHub, kumene anthu ogwiritsa ntchito Git asunga ntchito zao ndi kuthandizana ngakhale ali m'maiko otalikirana. Kampani ya Microsoft inagula malowa mu 2018 pa mtengo wa madola 7.5 biliyoni, ndipo kuchiyambi kwa 2023 olembetsa kumeneko anakwana 100 miliyoni. Kalembera wa 2022 anapeza kuti ife a m'Zambia tiposa 19 miliyoni pang'ono; tiwirikizeni kasanu, ndiye mwapeza khamu limenelo. Alipo malo enanso ofanana nao, monga GitLab ndi Bitbucket, koma ife titenga GitHub kukhala chitsanzo chathu.

Ntchito iri yonse pa GitHub iri ndi posungira pake, pamene pa Chingerezi amati repository. Ife tipatcha nkhokwe. Musaganize kuti nkhokwezi ndi za anthu a kunja okha. Mu 2023 Bambo Claytone Sikasote a pa Yunivesite ya Zambia, pamodzi ndi anzao, anatulutsa ntchito yotchedwa Zambezi Voice. Anasonkhanitsa mau olankhulidwa m'Chibemba, Chinyanja, Chitonga ndi Chilozi: maola oposa 80 a anthu owerenga mokweza, ndi maola enanso ambiri otengedwa m'nkhani ndi m'makambirano a pa wailesi. Cholinga chake ndi chakuti makina aphunzire kumva zilankhulo zathu, ndipo ntchitoyi anaiika m'nkhokwe ya pa GitHub kuti ofufuza ena aipeze. Palinso pulogalamu yotchedwa DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo ugwiritsa ntchito posonkhanitsa chiwerengero cha odwala m'zipatala za m'dziko lino. Imatsogoleredwa ndi Yunivesite ya Oslo ku Norway, igwira ntchito m'maiko oposa 70, ndipo malangizo ake asungidwa poyera pa GitHub. Inu a ku Kanyama, Chawama ndi Matero mudziwa za matenda a kolera a mu 2017 ndi 2018, ndiponso a kumapeto kwa 2023, amene anachedwetsa kutsegulira sukulu kuchiyambi kwa 2024. Pa nthawi zotere chiwerengero cholondola ndi chofika msanga ndicho chiuza akuluakulu kumene atumize mankhwala ndi madzi abwino. Choncho pulogalamu si choseweretsa ai, ndipo kalata yonena kuti mwalakwika kanthu m'pulogalamu si yoitaya. Achinyamata a kuno kwathu amene anaphunzira luso limeneli ku BongoHive, imene inayamba mu Lusaka mu 2011, kapena ku Asikana Network, imene inakhazikitsidwa pophunzitsa atsikana ndi amai za makompyuta, akumana ndi nkhokwe zotere pa ntchito zao.

Nanga makalata achokera kuti? M'nkhokwe anthu samangosunga zinthu, amakambirananso. Wina akapeza cholakwa m'pulogalamu amatsegula tsamba la dandaulo, lotchedwa issue, nafotokoza vutolo. Wina akakonza cholakwacho sangothira zake m'nkhokwe ya eni. Amapereka pempho, lotchedwa pull request, kuti anzake ayambe aona ngati zimene walemba ziri bwino, monga mmene inu mupatsira aphunzitsi buku lanu kuti achonge. Pansi pa dandaulo ndi pansi pa pempho anthu amalemba ndemanga. Wofuna kuitana mnzake kuti adzaone nkhani amalemba dzina la mnzakeyo ndi kachizindikiro kaja ka @ kutsogolo kwake. Pa chiri chonse cha zimenezi GitHub imatumiza chidziwitso kwa amene nkhaniyo iwakhudza, ndi kwa onse amene anapempha kuti azidziwitsidwa.

Tengani mapensulo tiwerengere. Tiyerekeze kuti mtsikana wina wa ku Mtendere wayamba ntchito yolemba mapulogalamu, ndipo atsata nkhokwe 10. M'nkhokwe iri yonse mukambidwa nkhani 8 pa tsiku, ndipo pa nkhani iri yonse palembedwa ndemanga 5. Makalata ndi angati? 10 kuchulukitsa ndi 8 ndi 80, ndipo 80 kuchulukitsa ndi 5 ndi 400. Kalata iri yonse akaipatsa theka la mphindi, ndiye kuti mphindi 200, ndiwo maola 3 ndi mphindi 20 tsiku liri lonse, asanalembe ngakhale mzere umodzi wa ntchito imene alandirira malipiro. Mwa makalata 400 amenewa, mwina asanu okha ndiwo afuna yankho lake.

Zotsatira zake nzosachita kufunsa. Mlungu woyamba awerenga onse. Wachiwiri ayang'ana mitu yokha. Wachitatu angofufuta osatsegula. Tsono tsiku lina pakati pa ofufutidwawo pali kalata ya mnzake amene wadikira masiku atatu kuti pempho lake lionedwe, kapena chenjezo lakuti m'pulogalamu mwapezeka mpata umene akuba angalowerepo. Ena akatopa amazimitsa zidziwitso zonse, kapena kuuza bokosi lao la imelo kuti makalata onse a GitHub aziponyedwa ku zinyalala. Ine ndiona kuti amenewa alakwa koposa. Wa makalata 400 uja angathe kuipeza kalata yofunika ngakhale mochedwa. Amene wazimitsa zonse sadzaiona konse, ndipo anzake sadziwa kuti mau ao safika.

Kusankha kwabwino kuyambira pa nkhokwe yeniyeniyo. Pamwamba pa tsamba la nkhokwe iri yonse, cha ku dzanja lamanja, pali batani lokhala ndi chithunzi cha diso ndi mau akuti Watch, kutanthauza kuyang'anira. Mukalidina muona zosankha zinai. Choyamba chilembedwa Participating and @mentions. Mukasankha ichi mudzamva za nkhani zokhazo zimene mwatengamo mbali: dandaulo limene munatsegula inu, limene munalembapo ndemanga, ntchito imene mwapatsidwa, kapena pamene wina watchula dzina lanu. Kwa anthu ambiri, pa nkhokwe zambiri, ichi nchokwanira. Chachiwiri ndi All Activity, ndiko kuti dandaulo, pempho kapena ndemanga iri yonse ikalembedwa m'nkhokwemo, kalata yanu yanyamuka. Ichi chiyenera mwini nkhokwe ndi oisamalira, pakuti iwo ayenera kudziwa ali yense amene waodira pa khomo. Kwa munthu wongodutsa ndi mtolo wosafunika.

Chachitatu ndi Ignore, ndipo apa chenjerani. Mukasankha chimenechi simudzamvanso kanthu kuchokera m'nkhokweyo, ngakhale wina atakuitanani ndi dzina. Nchoyenera pa nkhokwe imene mulibe nayonso gawo, osati imene yangokutopetsani lero. Chachinai, Custom, ambiri amachidumpha, chikhalirecho ndicho chothandiza kwambiri. Chimakupatsani mwai wochonga mitundu ya nkhani imene mufuna: madandaulo okha, mapempho okha, makambirano, machenjezo a chitetezo, kapena Releases, ndiko kuti chilengezo chakuti pulogalamu yatuluka yatsopano. Taganizani mphunzitsi amene agwiritsa ntchito pulogalamu yophunzitsira masamu koma sailemba iye. Mikangano ya oilemba alibe nayo ntchito. Chimene afuna kudziwa ndi tsiku limene yatsopano yatuluka kuti aiike pa makompyuta a sukulu. Achonge Releases pokha, ndipo m'malo mwa makalata mazana adzalandira imodzi pa nthawi yake.

Pambali pa batani la diso pali lina la nyenyezi, lolembedwa Star. Ophunzira ambiri amasokoneza awiriwa. Nyenyezi iri ngati kupinda ngodya ya tsamba m'buku kuti mudzapapeze msanga, ndiponso ionetsa eni ake kuti ntchito yao mwaikonda. Situmiza makalata. Ngati mwangosangalatsidwa ndi nkhokwe, dinani nyenyezi, diso mulisiye.

Pali chinthu china chimene chinadzaza mabokosi a anthu ambiri iwo osadziwa. Kwa zaka zambiri GitHub inali ndi chizolowezi chakuti munthu akangopatsidwa ufulu wolemba m'nkhokwe ina, inkamulembetsa yokha kuti aziyang'anira zonse za m'menemo. Wolowa ntchito pa kampani yokhala ndi nkhokwe makumi asanu ankadzuka m'mawa napeza bokosi lake litasefukira. Dongosolo limenelo linachotsedwa mu 2025, koma amene analembetsedwa kale sanafufutidwe. Nchifukwa chake ndi bwino kutsegula tsamba limene liika pamodzi maina a nkhokwe zonse zimene muyang'anira, ndi kudzifunsa pa iri yonse kuti, kodi iyi ndinaisankha ndine? Ya ntchito imene inatha chaka chatha ichotseni. Ntchito imeneyi siposa theka la ola, koma ifunika kuibwereza, monga kupalira.

Tsopano tichoke pa nkhokwe imodzi tipite pamene palamulira zonse. Dinani kachithunzi kanu pa ngodya ya pamwamba, musankhe Settings, kenaka Notifications. Funso lalikulu pamenepa si lakuti mumve chiani, koma lakuti mumvere kuti. Njira ziripo ziwiri. Pa GitHub pomwepo pali bokosi la zidziwitso limene liri chete. Limangodikira kufikira mwini wake atabwera kudzalitsegula. Imelo ndiyo imakutsatani kunyumba niliza lamya pakati pa usiku. Mungasankhe njira imodzi kapena zonse ziwiri, ndipo mungasankhe mosiyana pa nkhani zimene mutengamo mbali ndi pa zimene mungoyang'anira. Malangizo anga ndi awa: zimene mutengamo mbali ndi zotchula dzina lanu zidzere pa imelo, pakuti pali munthu amene adikira inu. Zongoyang'anira zikhale m'bokosi lachete lija, mukalitsegule kamodzi kapena kawiri pa tsiku. Koma dziwani kuti bokosilo silisunga zidziwitso mpaka kalekale. Chimene mufuna kuti chikhalitse muchisunge ndi batani la Save.

Pa tsamba lomwelo pali tina ting'onoting'ono. Pali posankha kulandira kalata pa zimene mwalemba inu nokha. Onani kuti mpozimitsa, pakuti palibe afuna kuuzidwa mau ake omwe. Pali makina amene ayesa pulogalamu nthawi iri yonse wina akaisintha. Auzeni kuti akulembereni pokhapo mayeso akalephera. Machenjezo a chitetezo okha musawazimitse. Ngati achuluka, pali posankha kuti azifika pamodzi m'kalata imodzi pa tsiku kapena pa mlungu.

Aphunzitsi achikulire akumbukira mmene makalata a mabanja a m'komboni ankadzera pa bokosi la sukulu kapena la mpingo, popeza mabanja ambiri analibe bokosi lao ku positi ofesi. Kalata ya maliro, ya mayeso ndi ya ngongole zinkafika m'thumba limodzi, ndipo wina ankayenera kukhala pansi kuzipatula. GitHub ilola munthu kulembetsa makeyala angapo a imelo, ndi kulamula kuti makalata a bungwe lakuti azipita ku keyala yakuti. Posankhira pake palembedwa Custom routing. Motero za ku ntchito zipita ku keyala ya ku ntchito, za gulu la anzanu zipita ku keyala yanu ya kunyumba. Ndipo keyala yanuyanu musaichotse pa akaunti, chifukwa ya ku ntchito imatsekedwa tsiku limene ntchito yatha.

Mwina wina anena kuti zonsezi ndi mavuto a anthu a m'maofesi akuluakulu a kunja. Ine nditi kuno kwathu ndiko zifunika koposa. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi a m'nyanja ya Kariba, nyumba zambiri za mu Lusaka zinkaona magetsi maola owerengeka chabe pa tsiku. Mnyamata wa ku George amene alemba mapulogalamu ali kunyumba, magetsi akabwera ali ndi nthawi yochepa yoti adzaze batire, aone makalata, agwire ntchito ndi kuitumiza. Bandulo ya intaneti nayonso igulidwa ndi ndalama imene ikadagula ndiwo. Iyeyo sangataye ola lathunthu akufufuza kalata imodzi pakati pa mazana anai.

Kalata ikafika, musaleke kuwerenga msanga. Pitani mpaka pansi penipeni. Pamenepo pali mzere waung'ono woyamba ndi mau akuti You are receiving this because, kutanthauza kuti mwalandira kalatayi chifukwa chakuti, ndipo chifukwacho chitchulidwa: munatchulidwa dzina, munalemba ndemanga, kapena munalembetsa. Mzere umenewu ndiwo ukuuzani batani limene muyenera kukakonza. Pafupi nao pali mau akuti unsubscribe. Mukadina pamenepo mwatuluka m'nkhani imodzi yokhayo, nkhokwe yonse osaisiya, ndipo wina akadzakuitanani ndi dzina m'nkhani yomweyo mudzamvabe. Izi zithandiza pa nkhani imene munalembapo ndemanga imodzi zaka ziwiri zapitazo koma anthu akali kukangana kufikira lero.

Makalata otsalawo angapetedwenso, monga amai apetera mphale pa lichero. Mabokosi a imelo, monga Gmail ndi Outlook, ali ndi malamulo opatulira makalata amene munthu adziikira yekha. Makalata a GitHub ndi osavuta kupeta, chifukwa achokera ku keyala imodzi, mutu wa kalata uyamba ndi dzina la nkhokwe, ndipo pa mzere wa olandira pali keyala ina yosonyeza chifukwa chake, monga mention ngati mwatchulidwa, kapena review_requested ngati mwapemphedwa kuchonga ntchito ya mnzanu. Lamulani kuti mitundu iwiriyi izikhala pamwamba, yotsalayo izipita m'thumba lake kudikira Lachisanu.

Mpaka pano takamba za wolandira. Koma phokoso liri ndi olichita, ndipo mawa mungakhale inu. Tamverani zimene zinachitika mu June 2022. Kampani ya ku America yotchedwa Epic Games, imene inapanga masewera a Fortnite, iri ndi gulu lalikulu pa GitHub, popeza ali yense wofuna kuona malangizo a pulogalamu yao ya Unreal Engine ayenera kulowa m'gululo. Mnyamata wina anapereka pempho losintha mau ochepa chabe pa tsamba lofotokozera. Pofuna kuti lionedwe msanga, analemba dzina la gulu lonselo ndi kachizindikiro ka @ kutsogolo. Anthu pafupifupi 400,000 analandira kalata. Ena anakwiya nayankha kuti aleke kuwavuta, osaganiza kuti yankho lao nalonso lipita kwa onse aja. Ena anayankha oyankhawo kuti akhale chete. Pamene eni ake anatseka nkhaniyo, makalata otumizidwa anali atafika mamiliyoni ambiri. Ambiri anadzudzula mnyamatayo, koma iye analemba mau ochepa chabe. Mamiliyoni enawo anatumiza ndi okwiya aja. Tsono musanatchule dzina la gulu, funsani kuti muli anthu angati. Ndipo ngati mungofuna kuvomereza zimene wina wanena, musalembe ndemanga yakuti inenso. Kuyambira mu 2016 pansi pa ndemanga iri yonse pali potola kachithunzi, monga ka chala chachikulu choloza kumwamba. Kachithunziko kaonetsa maganizo anu popanda kutumizira ali yense imelo.

Kuyankha kalata ya GitHub kuchokera m'bokosi lanu la imelo nkotheka, koma kumbukirani kumene yankholo lipita. Silipita kwa munthu mmodzi. Limakaikidwa pa tsamba la nkhaniyo, ndipo ngati nkhokwe ndi ya poyera, dziko lonse lingaliwerenge. Nambala ya lamya kapena ya nyumba musailembe m'menemo. Chinanso chimene ambiri sadziwa ndi ichi: keyala yoyankhirapo ya kalata iri yonse inapangidwira inu nokha, ndipo iri ngati kiyi. Mukapatsira mnzanu kalatayo, iye angathe kulemba pa keyalayo, ndipo mau ake adzaoneka pa tsamba m'dzina lanu. Kiyi imeneyi imaleka kugwira ntchito mukasintha mau anu achinsinsi. Mukafuna kuonetsa mnzanu nkhani, mpatseni keyala ya tsamba la nkhaniyo, osati kalata yanu.

Akuba naonso anaiona njirayi. Nonse mudziwa mauthenga aja a pa lamya onena kuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Pa GitHub achita mochenjera kuposa pamenepo. Mu 2024 ndi mu 2025 kunamveka za akuba amene ankalemba dandaulo kapena ndemanga m'nkhokwe, naikamo maina a anthu ambiri, ndi mau onama akuti mwapatsidwa ntchito ya malipiro ambiri kapena akuti wina walowa mu akaunti yanu, dinani apa msanga. Popeza maina atchulidwa, GitHub yeniyeni inatumiza makalatawo kuchokera ku keyala yake yeniyeni. Envelopu ndi yoona, koma mau a m'kati analemba ndi mbala. Kalata yokufulumizitsani musaidine. Tsegulani GitHub panokha, mukaone amene walemba ndi kumene walemba. Wotopa ndi makalata 400 ndiye amadina asanaganize.

Ana inu, malamulo a GitHub salola munthu wosakwana zaka 13 kukhala ndi akaunti, ndipo musanamize zaka zanu. Amene muli ndi makompyuta pa sukulu mungayambe ndi Scratch, pulogalamu ya ana imene inatuluka ku Massachusetts Institute of Technology mu 2007, mmene malangizo amalumikizidwa ngati njerwa za mitundumitundu. Koma luso la kusankha mungaliyese lero lomwe, popanda magetsi.

Aphunzitsi, dulani timapepala 30 katatu, kuti mukhale ndi milu itatu yofanana. Pa timapepalato lembani nkhani wamba za munda wa sukulu: wakuti wathirira, khasu labwezedwa, mbeu zamera. Pa tiwiri tokha lembani dzina la mtsogoleri wa gulu, ndipo kamodzi mwa tiwirito kanene kuti mbuzi zalowa m'munda. Gawani kalasi m'magulu atatu, liri lonse ndi mtsogoleri wake ndi wonyamula makalata wake. Wonyamula wa gulu loyamba apereke timapepala tonse 30 tosakanizidwa, wa gulu lachiwiri apereke tokhala ndi dzina tokha, wa gulu lachitatu asapereke kali konse. Musawauze ana chimene afufuza. Yang'anani koloko, mulembe pa bolodi mphindi zimene gulu liri lonse latenga kuti lidziwe za mbuzi, ndipo ana atchule batani limene lifanana ndi gulu lao. Funsaninso a gulu lachiwiri ngati adziwa kuti mbeu zamera. Mukatero asinthane magulu, mubwereze ndi timapepala 60.

Tsalani bwino, ana inu.